Kutseka gulu kapena kuzenga mlandu anyamatawo?

M'mayunivesite a ku America muli magulu a anyamata otchedwa fraternity, ndipo m'magulu ena wofuna kulowa amayamba wazunzidwa, makamaka pomwetsedwa mowa mokakamiza. Wina akafa, chilango chigwere gulu lonse kapena amene anamupatsa botolo?

Pa imfa ya Timothy Piazza njira zonse ziwiri zinayesedwa. Mu February 2017 mnyamata wa zaka 19 ameneyu anamwetsedwa mowa wambiri kunyumba ya gulu la Beta Theta Pi pa yunivesite ya Penn State m'boma la Pennsylvania, n'kugwa pamasitepe. Anzake anamugoneka pasofa, ndipo panadutsa maola pafupifupi 12 asanaitane ambulansi.

Yunivesite inathetseratu gululo pasukulupo. Njirayi ndi yachangu, siyidikira woweruza. Vuto lake n'lakuti olakwawo amangosamuka nyumba, osalakwa n'kulangidwira limodzi, ndipo magulu ena otsekedwa amapitiriza mobisa kunja kwa sukulu komwe kulibe wowayang'anira.

Kukhoti zinthu zinayenda mwaukamba. Woweruza anachotsa milandu ya kupha munthu mosafuna, ambiri analandira zilango zopepuka, ndipo atsogoleri awiri a gululo anagamulidwa miyezi yochepa kundende mu 2024, patatha zaka 7. Komabe kwa ine njira yoluma ndi imeneyi, chifukwa mlandu umalembedwa pa dzina la munthu, osati pa chikwangwani cha nyumba. Mu 2018 boma la Pennsylvania linakhwimitsanso lamulo: kuzunza kovulaza kwambiri kapena kopha tsopano ndi mlandu waukulu, pamene woitana thandizo msanga n'kukhala pambali pa wodwalayo amatetezedwa.