Gaggia Classic yakale ndi mmisiri amene anachotsa dzimbiri la m'kati

Makina opangira khofi wa espresso amene ndinagula kwa munthu wina kuno ku London ndi Gaggia Classic, mtundu umene kampani ya ku Italy imeneyi inayamba kugulitsa mu 1991. Kunja ankawala ngati atsopano, koma madzi oyamba kutuluka anali otuwa, okhala ndi timibulu tangati phulusa, ndipo ndinazindikira kuti mwini wake wakale anawasunga zaka zambiri madzi ali m'kati. Ndinapita nawo kwa mmisiri wina wokonza makina a khofi, amene ntchito yake ndikuiyamikira pano.

Chimene chinandikhutiritsa n'chakuti bamboyu sanathamangire kuthiramo mankhwala osungunulira zokakamira, monga mmene ambiri amachitira. Anamasula mabawuti anayi amene amagwira kathanki kowiritsira madzi, n'kundionetsa kuti mavuto analipo awiri osiyana. Loyamba linali laimu woyera wolimba amene madzi a ku London amasiya paliponse pamene awira, ndipo ameneyu amasungunuka ndi mankhwala. Lachiwiri linali dzimbiri lenileni. Kathankiko, kamene kamalowa madzi pafupifupi mamililita 100, n'ka aluminiyamu, ndipo kamakhala pamwamba pa chigawo cha mkuwa chimene khofi amatulukira. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikakhala nthawi yaitali m'madzi amodzi, aluminiyamu ndiye amadyeka, ndipo dzimbiri lake silikhala lofiira ngati la khasu koma ufa wotuwa umene umasiya timaenje. Chitsulo chimene chadyeka palibe mankhwala amene angachibwezeretse, ndipo viniga, amene anthu amamukhulupirira kwambiri, akhoza kungowonjezera timaenjeto.

Mmisiriyu anapala m'kati ndi burashi, kenako anasalaza mlomo wa kathankiko poukhuta pa sandipepa woyalidwa pagalasi, kuti gasiketi yatsopano ikhale bwino popanda kudontha. Anandiuza mosabisa kuti timaenje tikanafika pamalo pokhala gasiketiyo, akanandilangiza kugula kathanki kena, popeza zipangizo za makinawa zimapezekabe. Valavu ya solenoid, yotsegula ndi kutseka njira ya madzi pogwiritsa ntchito magetsi, imene kabowo kake n'kakang'ono moti kambulu kamodzi kamakwana kukatseka, anaimasula yonse n'kuitsuka payokha. Pampu anaisiya chifukwa inali yamphamvu, koma anasintha valavu yochepetsa mphamvu ya madzi kuti izifika pa mabaa 9, muyezo umene espresso amafuna.

Chodandaula changa n'chakuti ntchito imene analonjeza kuti itenga sabata imodzi inatha masabata atatu, ndipo foni ankayankha mwa apo ndi apo. Bawuti imodzi inadukira m'kati chifukwa cha dzimbiri, zimene si mlandu wake, komabe akanachita bwino kundidziwitsa ndisanafunse ndekha.

Makina enieniwo ndi oyenera kuwavutikira, chifukwa chilichonse m'kati mwake chimamasuka ndi zida wamba, ndipo thupi lake lachitsulo silinagonje ku zaka zonsezi. Kathanki kochepako kamachititsa kuti munthu adikire pang'ono pakati pa kupanga khofi ndi kutenthetsa mkaka ndi nthunzi, choncho pakhomo pa alendo ambiri makinawa angakuchititseni manyazi. Ine ndimamwa ndekha m'mawa, ndimathiramo madzi osefa, ndipo ndikamapita ulendo wautali ndimakhuthula onse. Khofi wa ku Mzuzu amene mlamu wanga anabwera naye kuchokera kumudzi akutuluka ndi thovu lofiirira pamwamba, ndipo m'kapu simukupezekanso timibulu tija.