Malangizo a openpyxl amanena zoona, koma machenjezo ali kutali ndi pomwe agent wa AI amayang'ana

Mukauza agent wa AI, pulogalamu yomwe imagwira yokha ntchito yomwe mwaituma, kuti akonze fayilo ya Excel, nthawi zambiri satsegula Excel n'komwe. Amalemba kodi ya Python, ndipo chida chomwe amathamangira ndi openpyxl, laibulale (kodi yolembedwa kale) yaulere ya Eric Gazoni ndi Charlie Clark yowerengera ndi kulembera mafayilo a xlsx ndi xlsm. Mafayilo akale a xls siiwagwira. Tikuunika malangizo ake a mtundu wa 3.1 omwe ali pa webusaiti ya Read the Docs, kuti tione ngati angateteze fayilo ya munthu pamene wogwira ntchitoyo ndi makina osaona spreadsheet ndi maso.

Poyambira ndi pabwino ndithu. Zitsanzo ndi zazifupi ndipo zimagwira ntchito mukangozikopera. Amanena momveka kuti mizere imawerengedwa kuyambira pa 1 osati 0, kuti save imafufuta fayilo yakale ya dzina lomwelo osafunsa, ndiponso kuti mafomula alembedwe ndi mayina a Chingerezi, zam'kati mwake zolekanitsidwa ndi chizindikiro cha koma (,). Amachenjeza kuti memory yomwe imadyedwa ndi pafupifupi kuchulukitsa ka 50 kukula kwa fayilo, moti fayilo ya 50 MB imafuna pafupifupi 2.5 GB. Nambala yotereyi ndi yothandiza, chifukwa agent angathe kusankha read_only, njira yongowerenga fayilo yosadya memory yambiri, asanayambe m'malo mokomoka pakati pa ntchito.

Vuto lili pa zinthu zomwe zimawonongeka mwakachetechete, kodi itayenda bwinobwino popanda error.

Tengani pepala la malipiro. Antchito ali m'mizere 2 mpaka 40, ndipo pa C41 pali fomula yophatikiza C2:C40. Mwauza agent kuti aonjezere wantchito watsopano pa mzere 10, iye n'kugwiritsa insert_rows, lamulo lolowetsera mizere. Mizere yonse yapansi yatsika ndi umodzi, totala yafika pa C42, wantchito womaliza ali pa mzere 41. Koma fomula ikuwerengabe C2:C40. Mu Excel fomulayo ikanadzikonza yokha. Kuno ayi: malipiro a munthu mmodzi agwa pa totala, fayilo ikutseguka bwino, palibe chofiira paliponse. Kodi malangizo amanena zimenezi? Amanena, mosabisa: laibulaleyi siyang'anira mafomula, matebulo ndi machati mizere ikalowetsedwa kapena kuchotsedwa. Koma mawuwa ali m'kabokosi pansi pa zitsanzo, pa tsamba lina. Kufotokoza kwa insert_rows komwe kuli m'kodi ndi m'gawo la API (mndandanda wa malamulo a laibulaleyi) ndi mzere umodzi wongoti imaika mizere pamwamba pa mzere womwe mwatchula. Munthu wowerenga tsamba kuchokera pamwamba mpaka pansi adzalipeza chenjezolo. Agent amatola tizidutswa, ndipo kachidutswa komwe amatola ndi kopanda chenjezoko. Apa ndiye pofooka penipeni.

Nkhani ya data_only ndi yoopsa mofananamo. Laibulaleyi siwerengera mafomula. Mukatsegula fayilo ndi data_only=True mumapeza nambala yomwe Excel inasunga ulendo womaliza. Chiganizo chofotokoza zimenezi ndi cholondola, koma chimasiya zotsatira ziwiri zomwe wowerenga ayenera kudzifukulira yekha. Fayilo yomwe yangolembedwa ndi openpyxl, isanatsegulidwe mu Excel, ilibe nambala zosungidwazo, choncho agent akafuna kutsimikiza ntchito yake amangopeza None, kutanthauza kuti palibe kanthu, mwina n'kuyamba kukonza chinthu chomwe sichinawonongeke. China n'chakuti akatsegula motero kenako n'kusunga pa dzina lomwelo, mafomula onse amasanduka manambala ouma. Ntchito ya zaka ya wowerengera ndalama imatha pa mzere umodzi wa kodi. Chenjezo lotere limayenera kukhala m'malembo akuda pomwepo.

Za zojambula ngati mashepu amachenjeza bwino kuti zimatayika fayilo ikasungidwanso, ndipo keep_vba, yosunga mamacro (timapulogalamu ta m'kati mwa fayilo ya Excel), yafotokozedwa kwa amene ali nawo. Za mafomula omwe anabwera ndi Excel yatsopano, omwe amafuna _xlfn. kutsogolo, zatchulidwanso, ngakhale mwachidule kwambiri. Gawo la API la machati ndi masitayilo ndi louma: masamba ambirimbiri ongotchula mtundu wa nambala yomwe ikufunika, osanena kuti chinthucho chimasintha chiyani pa pepala. Agent akafika pamenepo amangoyerekeza.

Sitikuwadzudzula olembawo ngati kuti anachita ulesi. Analembera anthu omwe amatsegula fayilo n'kuona okha chomwe chachitika, ndipo kwa anthu otere malangizowa ndi okwanira. Kwa agent, paokha sakwana.

Amene mukupatsa agent chida chimenechi, mulembereni malamulo anuanu pamwamba penipeni pa malangizo ake. Asunge pa dzina latsopano nthawi zonse. Atsegule fayilo kawiri, kamodzi kuti aone mafomula, kenako ndi data_only kuti aone manambala, ndipo yachiwiriyo asaisunge. Akalowetsa kapena kuchotsa mzere, afufuze fomula iliyonse yoloza m'dera limenelo, kuphatikizapo ya pa mapepala ena, n'kuilembanso. Pa move_range, lamulo losunthira maselo, translate=True imakonza mafomula a m'maselo omwe akusunthidwawo okha, osati ena omwe amawaloza. Akamaliza, fayiloyo idutse mu LibreOffice, pulogalamu yaulere yotsegula mafayilo a Excel, yoyendetsedwa popanda windo (headless), kuti mafomula awerengedwe, kenako ayang'ane zizindikiro za error za #REF! ndi #NAME? ndi kuyerekeza matotala akale ndi atsopano. Ngati mafayilo akuchokera kwa anthu osawadziwa, ikaninso laibulale yoteteza ya defusedxml, chifukwa malangizowo amavomereza kuti openpyxl payokha siteteza ku XML (kalembedwe ka m'kati mwa fayilo ya xlsx) yopangidwa mwadala kuti idzaze memory.