Tsitsi lopsa ndi bleach: kulidaya kapena kulimeta?

Bleach amachotsa melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi, n'kulisiya louma ngati udzu wa mu Okutobala. Kuno ku Mangochi dzuwa limaliwambanso, ndiye posakhalitsa tsitsi lofiirira lija limayamba kutsalira pa chipeso.

Ambiri amathamangira ku saluni kukalidaya lakuda. Kufiirako kumabisika tsiku lomwelo, koma tsitsi silinachire, ndipo dayi wokhalitsa alinso ndi peroxide, mankhwala a mu bleach amene analiotcha aja. Ngati mwasankha njira iyi, funsani wa semi-permanent, dayi wosakhalitsa amene amasuluka pang'onopang'ono mukamatsuka. Muyambe mwapaka pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48, chifukwa dayi wakuda wambiri amakhala ndi PPD, mankhwala amene ena amatupa nawo nkhope. Pakani mafuta a kokonati musanatsuke m'mutu. Relaxer musamuyerekeze n'komwe, tsitsi lingaduke lonse.

Kumeta kumawawa mtima, makamaka ngati mwalisunga zaka. Koma nyowetsani katsitsi kamodzi mukakoke. Kakatamuka osabwerera, kenako n'kuduka, palibe mafuta amene angalidzutse, ndipo apo ine ndingamete. Latsopano limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo kunja kukutentha chonchi mutu wometa umapitako mphepo.