Sikelo yoyendera m'mudzi kwathu ku Lizulu: ndapereka nyenyezi zinayi

Ndimagulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu, ndiye tsiku la sikelo limandidyera malonda. Komabe ndimapita, chifukwa alangizi a zaumoyo amabwera mwezi uliwonse pansi pa mtengo pafupi ndi tchalitchi, osafunika kukwera njinga yakabaza mpaka kuchipatala.

Chimene chandisangalatsa ndi mmene anachitira ndi mlamu wanga. Mpingo wake umakana jakisoni. Poliyo atapezeka ku Lilongwe mu 2022, anabisa mwana m'nyumba. Mlangizi wathu sanamuopseze ndi apolisi kapena amfumu. Anakhala naye pakhonde nthawi yaitali, nanena kuti, "Mayi, mwanayu ndi wanu, koma matendawa akamugwira sasankha mpingo." Kachiwiri mlamu wanga anavomera madontho a katemera wa poliyo. Ine ndikanakhala mlangiziyo mtima ukanandithera kale.

Anthu ena amafuna katemera akhale wokakamiza, ena amakumbutsa za gawo 33 la Malamulo a dziko lino loteteza ufulu wa chipembedzo. Abwere adzaone kuno kaye, mwina angaphunzire kuti munthu wokakamizidwa amangothawira kudimba.

Ndachotsa nyenyezi imodzi pa nkhani ya katemera wa HPV, woteteza khansa ya khomo la chiberekero. Mwana wanga wamkazi anabayidwa kusukulu ine osauzidwa, ndinangoona mkono wotupa madzulo. Sindikanakana ayi, koma kalata yokha bwanji? Tsiku lina tinadikira kuyambira 8 koloko mpaka 11, kuzizira kwa ku Ntcheu kuno kukulowa m'mafupa, sikelo yoyezera ana ataiwala.

Bweretsani buku la mwana ndi chitenje chofunda.