R500 ya Lachisanu: kubetcha, chipereganyu kapena kuitsekera kubanki?

Lachisanu ndikalandira malipiro, n'kupatula ya lendi ya kachipinda kanga ku Rosettenville, ya thiransipoti ndi ya ufa, imatsala R500 kapena kuchepera pang'ono. M'zaka 6 zomwe ndakhala kuno ku Joni, ndalama yotsalayi ndaiyesa m'njira zitatu: kubetcha pa foni, chipereganyu, ndi akaunti yotseka ya kubanki. Zitatuzi zimagwira mutu wa munthu mosiyana, ndipo ndi pamenepo pomwe ndikufuna tiziyerekeze, abale anga.

Kubetcha ndiye kumakoka kuposa zinazo, ndipo gwero lake lili muubongo momwe. Wasayansi Wolfram Schultz ankadonthezera anyani juwisi mkamwa uku akuyeza maselo a muubongo otulutsa dopamine, mankhwala omwe amatichititsa kufuna chinthu n'kumachilondola. Anapeza kuti maselowa amatakasika kwambiri juwisi akabwera mosayembekezeka. Mu 2003 iye ndi anzake anaonetsanso kuti nthawi yomwe nyani akudikira, maselowa amatakasika koposa ngati mwayi wolandira uli theka ndi theka. Ndiye kuti kudikira kokhako kumamugwira munthu asanapate ngakhale tambala.

Ine ndinaziona Loweruka lina madzulo. Tikiti yanga inali ya magemu 8, ndipo 7 anali atalowa kale. Ndinakhala pabedi foni ili m'manja, nsima ikuzizira pa mbale, mpaka timu yomaliza inachinyitsa kutatsala mphindi ziwiri kuti mpira uthe. Mumtima ndinati ndatsala pang'ono, sabata yamawa ndiipeza. Koma ndalama inali itapita yonse, chimodzimodzi ndi munthu amene waphonya magemu onse 8. Wasayansi Luke Clark ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge anaonetsa mu 2009 kuti kuphonya pang'ono chonchi kumadzutsa mbali za ubongo zomwe zimadzuka munthu akawina, ndipo kumawonjezera chilakolako chobetchanso.

Choopsa chenicheni chimabwera mawa lake. Akatswiri a kaganizidwe ka munthu Daniel Kahneman ndi Amos Tversky analemba mu 1979 kuti kutaya kumawawa kuposa momwe kupata kumakomera, ndipo pambuyo pake anayerekeza kuti ululuwo ndi pafupifupi kawiri. Anaonanso kuti munthu amene wataya kale amalolera kuika zambiri pachiswe pofuna kubweza zake. Lamlungu limenelo ndinabetcha ya lendi. Mwezi umenewo mayi anga ku Ntcheu sanalandire kanthu, ndipo ndinawauza kuti ntchito yavuta. Bodza limenelo limandipwetekabe.

Chipereganyu, chomwe anzathu a kuno amati stokvel, chimagwiritsa ntchito mantha omwewo otaya, koma mokuthandiza. Gulu lathu tilipo 10, aliyense amaponya R300 pa sabata, ndipo mmodzi amanyamula R3,000. Timakumana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Mayi wina wa ku Mangochi ndiye amasunga kope, amaitana maina mmodzimmodzi, ndalama n'kumawerengedwa pa tebulo onse akuona. Ukapanda kubweretsa, mbiri yako yapita pamaso pa anthu omwe adzakusonkhere ukadwala kapena ukaferedwa, ndipo ubongo umaopa zimenezo kuposa kusiya R300. Chinanso, unavomera kamodzi pachiyambi, ndiye Lachisanu sukhalanso pansi kulimbana ndi mtima kuti kodi ndisunge kapena ayi.

Zofooka zake zilipo. Chiwongoladzanja palibe, zomwe waponya ndi zomwe udzatenge. Munthu akhoza kulandira koyambirira kenako ntchito n'kumuthera, kapena kugwidwa chifukwa cha mapepala n'kubwezedwa kumudzi, gulu n'kutsala ndi dzenje. Ndipo magulu a pa WhatsApp a anthu osadziwana, olonjeza kuti R500 ibereka R1,000 pa masiku ochepa, musawatche chipereganyu. Ndi mtundu wa MMM, bizinesi yachinyengo ija inagwa mu 2016 anthu ambiri kuno n'kulira.

Akaunti yotseka, monga ija umayenera kudziwitsa banki masiku 32 usanatape, ndi yotetezeka kuposa zonsezi. Imabereka pang'ono, ndipo kuyambira Epulo 2024 bungwe la Corporation for Deposit Insurance limateteza mpaka R100,000 ya munthu aliyense pa banki iliyonse ngati bankiyo yagwa. Masiku 32 aja ndi mankhwala abwino a mtima wapachala, chifukwa chilakolako cha Loweruka usiku sichikhala mpaka mwezi. Vuto ndi lakuti banki imafuna pasipoti ndi pemiti yosatha ntchito, zomwe ambiri mwa ife alibe. Komanso banki sikufunsa ukapanda kuikamo kanthu, palibe woitana dzina lako. Imayenda bwino ukakonza kuti ndalama izidzidula yokha tsiku lamalipiro. Pa maliro a mwadzidzidzi ndiye imavuta, pomwe ku chipereganyu ukhoza kupempha mnzako kuti musinthane sabata.

Pali chinthu china chomwe chinandichotsera manyazi pang'ono. Mu 2013, akatswiri ofufuza Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi anzawo anafalitsa zomwe anapeza kwa alimi 464 a nzimbe ku Tamil Nadu m'dziko la India. Alimi omwewo ankakhoza bwino mayeso a kuganiza atakolola ndi kulandira ndalama, kusiyana ndi pomwe anali pa usiwa asanakolole. Nkhawa ya ngongole imadya malo m'mutu. Ifenso kuno timaganiza za ndalama titaima tsiku lonse, landilodi akugogoda, uthenga wakumudzi ukulira pa foni. Pa ola ngati limenelo kubetcha kumangofuna chala chimodzi, pomwe chipereganyu ndi akaunti yotseka zinagamula kale nkhaniyo tsiku lomwe mutu unali wozizira.

Panopa R300 imapita kwa mayi a kope, R200 imadzidula yokha kupita ku akaunti yotseka, ndipo pulogalamu yobetchera ija ndinaichotsa mu foni. Nthawi yanga yolandira ikubwera mu Okutobala. Ndauza kale mlongo wanga kuti ndidzatumiza pa Mukuru tsiku lomwelo, akagule feteleza mvula isanagwe.