Chigayo cha ku Mtendere chomwe ufa sukhudza pansi

Inu amene abale amakutumizirani chimanga kuchokera ku Katete kapena ku Chipata, yesani chigayo china cha ku Mtendere ku Lusaka, chakuseri kwa msika. Ine ndakalamba ndi sipanala m'manja, ndiye ndikafika pa chigayo maso anga amayamba athamangira ku malamba ndi mota, za ufa pambuyo.

Pamenepa chimanga ukachikhuthulira mu fanelo, sumachigwiranso. Chimakonoledwa, gaga n'kutulukira kwake, mphale n'kukwera yokha mu paipi momwe muli chitsulo chopotana chozungulira, kenako n'kugwera m'makina ogaya. Ufa umangotsikira m'thumba lomwe mwamangirira kukamwa kwa paipi. Palibe zouyala pa simenti, palibe mnyamata wopondapo ndi mapatapata akuwola ndi beseni. Nsima yake sikukuta mchenga m'mano, ndipo mayi a kunyumba anazindikira zimenezi ndisanawauze komwe ndinakagayitsa. Ofuna ufa woyera wonyika, uzani mnyamata wogaya atsegule kachitseko ka m'mbali, mutenge mphale yanu.

Nzeru imeneyi ndi ya Oliver Evans, wa ku Delaware ku America, wobadwa mu 1755. Zigayo za tirigu za nthawi yake zinkamunyansa: anthu ankasenza matumba kukwera nawo m'mwamba, ufa wotentha ankauyala pansi kuti uzizire, litsiro la kumapazi n'kulowamo. M'zaka za m'ma 1780 anamanga chigayo choyendera madzi pa mtsinje wa Red Clay Creek, momwe tindowa tomangidwa pa lamba tinkakweza tirigu, zitsulo zopotana zikumukankha kupita naye pena, mpaka ufa kuzizira ndi kusefedwa popanda dzanja la munthu. Iye ankaona chigayo chonse ngati makina amodzi, munthu yake n'kuyang'anira basi. Mu 1790 analandira patenti (chikalata choteteza luso la munthu) yachitatu yomwe boma la United States linapereka, ndipo George Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo, anaika makina otere pa chigayo chake cha ku Mount Vernon. Eni zigayo ambiri poyamba anamukana, pambuyo pake n'kumagwiritsa ntchito nzeru zake osalipira, iye n'kutha zaka ali m'makhoti. Mmisiri aliyense amene anaberedwapo luso amva kuwawa kwake.

Zodandaula zilipo, ndipo chimodzi n'chachikulu. Lamba wa mota ali pamtunda, alibe chotchinga, chonsecho azimayi amaima pafupi ndi zitenje zikukupiza. Lamba akagwira nsalu salekerera. Mnyamata wogaya nayenso amagwira ntchito tsiku lonse alibe chotseka kumphuno, nsidze zili mbuu. Ndinawauza eni ake kuti, "Amayi, chitsulo chotchingira apa sichodula, ndingakuwotchererani ine." Anandilandira bwino, anati abwera nacho, koma ulendo wapitawu ndinapeza lamba akadali poyera. Injini ya dizilo kulibe, choncho magetsi akazima mungokhala pa thumba kudikira.

Mtengo amawerengera pa meda, ndipo susiyana ndi wa zigayo zina za m'komboni. Pitani m'mamawa, makamaka kumapeto kwa mwezi mzere usanatalike. Chimanga chikhale chouma bwino ndi chopeta, chifukwa chachinyezi chimatseka sefa ndipo adzakubwezani nacho. Ana musawalowetse mkati mpaka lamba uja atatchingidwa.