Thunderbird ndi imelo ya malemba okhaokha, mmene ndayionera ine

Ndakhala ndikugwiritsa ntchito Thunderbird, pulogalamu yolembera ndi kuwerengera maimelo, pa kompyuta kwa kanthawi ndithu ndiye ndati ndikuuzeniko. Ndi yaulere, inachokera kwa a Mozilla aja a Firefox, ndipo version 1.0 inatuluka kale mu 2004.

Chomwe chinanditopetsa ine ndi maimelo okongoletsa aja a HTML, mafonti atatu chiganizo chimodzi, apa zofiira apo zobiriwira, logo chachikulu pansi, ukati uyankhe zonse zimangophwasuka mpaka osadziwa kuti mawu ako ndi ati a mnzako ndi ati. Plain text ilibe zimenezo, ndi malemba basi, mawu a amene mukumuyankha amangobwera ndi kachizindikiro ka > kumayambiriro.

Kuseta akaunti sikunavute, mumangolemba adiresi ndi pasiwedi iyo n'kusaka yokha ma seva, yolandirira maimelo (IMAP) pa port 993, yotumizira (SMTP) pa 465 kapena 587. Kenako, kuti muzilemba mu plain text, pitani ku Account Settings, Composition & Addressing, muchotse kachongi pa Compose messages in HTML format. Koma dziwani kuti zimenezi n'za akaunti imodzi imodzi, ngati muli nawo atatu muchita katatu. Tsiku lina mukafuna bold kapena tebulo, mungogwira Shift podina batani lolembera imelo yatsopano (Write kapena New Message), imelo yomweyo yokha imatseguka mu HTML. Kameneka ndimakakonda kwabasi.

Zolandira nazo zili ndi pake: View, Message Body As, musankhe Plain Text. Apa mpomwe ndinaona ukoma wake eti. Mu HTML munthu angathe kulemba "dinani apa" kumbuyo atabisa linki ina ya chinyengo, pomwe mu plain text adiresi imaoneka poyera. Komanso zithunzi zochokera pa intaneti Thunderbird siitsegula mpaka mutailola, ndiye kachithunzi kobisika kaja kowauza otsatsa malonda kuti mwaiwerenga imelo yawo kamangogona.

Povuta pake alipo, ndisaname. Ma invoice ndi manyuzileta okhala ndi matebulo amabwera osokonekera, manambala ali balala, ndiye pamenepo ndimasinthira ku Simple HTML (pa Message Body As pomwepo) kaye ndikatha n'kubwerera. Mizere imadukanso pa zilembo 72, pa foni ya wina nthawi zina imaoneka ngati ndakatulo kkkk.

Kwa wolemba makalata a ntchito tsiku ndi tsiku ine ndaipatsa 4 pa 5. Ngati ntchito yanu ndi yotumiza zotsatsa za zithunzi, kachongi kaja musakachotse.